Li Shizhen, Sing'anga wa ku China Amene Adalemba za Kamfa

Nyengo yachisanu ikafika m'zigwa za Kasungu, m'miyezi ya Juni ndi Julayi, pamene alimi ali kalikiliki kusankha fodya ndi kudinda mabelo opita nawo kumsika wa Chinkhoma, m'nyumba zambiri mumamveka fungo la kamfa. Amayi amadzola mafuta a kamfa kuti khungu lisatuwe ndi mphepo ya mwera, ena amapaka m'ming'alu ya kumapazi, ndipo munthu akagwidwa ndi chimfine amatikitidwa pachifuwa ndi mankhwala monga Vicks, amene m'kati mwake mulinso kamfa. Mankhwala amenewa adazolowereka kotero kuti ndi anthu owerengeka okha amene amafunsa kumene adachokera. Gwero lake ndi mtengo waukulu wa masamba obiriwira chaka chonse umene umamera kummwera kwa dziko la China, ku Taiwan ndi ku Japan. Mmodzi mwa anthu amene adalemba mwatsatanetsatane za kapangidwe ndi ntchito za kamfa adali sing'anga wa ku China dzina lake Li Shizhen, amene adamwalira zaka zoposa 400 zapitazo.

Kubadwa kwake ndi mayeso amene adamukanika

Li Shizhen adabadwa m'chaka cha 1518 m'tauni ya Qizhou, m'mbali mwa mtsinje waukulu wa Yangtze, m'chigawo chimene lero chimatchedwa Hubei. Pa nthawiyo dziko la China linkalamulidwa ndi mafumu a banja la Ming. Agogo ake aamuna adali sing'anga woyendayenda, mmodzi mwa aja amene ankalowa m'midzi akuliza kabelu kuti odwala adziwe kuti mankhwala afika. Bambo ake, a Li Yanwen, adalinso sing'anga, koma iwo adali ophunzira, ndipo adalembako timabuku ta zitsamba.

Ngakhale zidali choncho, using'anga sudali ntchito yolemekezeka m'masiku amenewo. Ulemu ndi chuma zinkapita kwa anthu amene akhoza mayeso a boma n'kukhala nduna kapena oweruza. Motero a Li Yanwen adafunitsitsa kuti mwana wawo asatsate phazi lawo, koma aloweze mabuku akale a nzeru za Confucius kuti adzapeze mpando m'boma. Mnyamatayo adayamba bwino, pakuti adakhoza mayeso oyamba ali ndi zaka 14. Mayeso achiwiri, amene ankalembedwa kamodzi pa zaka zitatu zilizonse mumzinda wa Wuchang, ndiwo adamukanika. Adalemba koyamba, adalephera. Adabwereranso kachiwiri ndi kachitatu, koma dzina lake silidatuluke pamndandanda wa okhoza.

Pakati pa zaka zovutazi adadwala kwambiri. Ali ndi zaka 20 adagwidwa ndi chifuwa chosatha, thupi likutentha ngati moto, mpaka abale adataya mtima. Mankhwala osiyanasiyana atalephera, bambo ake adamuphikira muzu wa chitsamba chotchedwa huangqin, ndipo kutentha kudatsika. Iye mwini adadzalemba nkhaniyi m'buku lake patapita zaka zambiri, pofuna kusonyeza kuti mankhwala amodzi oyenera matendawo amaposa mankhwala khumi ongoyerekeza.

Atalephera kachitatu, ali ndi zaka pafupifupi 23, adapempha bambo ake kuti amulole kusiya za mayeso n'kuphunzira using'anga. Bambowo adavomera. Wophunzira aliyense amene adafunafuna dzina lake pa zotsatira za mayeso a Fomu 4 osalipeza akhoza kumvetsa mtima umene mnyamatayu adali nawo pobwerera kwawo. Chimene sadachite ndicho kutseka mabuku. Mbiri yake imanena kuti adatha zaka khumi akuwerenga usana ndi usiku, kwinaku akuthandiza bambo ake kuona odwala.

Zolakwa za m'mabuku akale

Posakhalitsa mbiri ya sing'anga wachinyamatayu idawanda, makamaka chifukwa ankachiza amphawi osawalipiritsa. Kenako adaitanidwa kukayang'anira za umoyo kunyumba ya kalonga wa ku Chu ku Wuchang. Mbiri ya moyo wake imanenanso kuti pambuyo pake adatumizidwa ku likulu la asing'anga a mfumu ku Beijing, kumene adakhalako kanthawi kochepa n'kubwerera kwawo.

Pa ntchito yakeyi adaona vuto limene lidamusowetsa mtendere. Buku lalikulu la mankhwala limene asing'anga ankadalira lidalembedwa ndi Tang Shenwei zaka zoposa 400 m'mbuyomo. M'mabuku akalewo mudali chisokonezo. Chitsamba chimodzi chinkalembedwa kawiri ndi maina awiri ngati kuti ndi zitsamba zosiyana, ndipo pena zitsamba ziwiri zosiyana zinkaphatikizidwa pansi pa dzina limodzi. Olemba ambiri ankangokopera zimene anzawo akale adalemba, osaona ndi maso awo chinthu chimene ankachifotokoza. Cholakwa cha m'buku la nthano chimangoseketsa, koma cholakwa cha m'buku la mankhwala chimafika pa mphasa ya wodwala, pakuti wogulitsa mankhwala akasokoneza muzu wochiza ndi muzu wa poizoni, maliro amagwa pamudzi.

Padalinso vuto lina. Mfumu Jiajing, imene idalamula kuyambira 1521 mpaka 1567, idatengeka ndi anthu amene ankailonjeza mankhwala oletsa imfa. Ambiri mwa mankhwalawo ankapangidwa ndi mercury, chitsulo chamadzimadzi chija chimaoneka m'zipangizo zakale zoyezera kutentha kwa thupi. Li Shizhen adatsutsa poyera chikhulupiriro chimenechi, nalemba kuti anthu osawerengeka adalumala ndi kufa chifukwa chomwa chitsulocho pofuna moyo wosatha. Kunena zotere pamene mwini dziko ankakonda mankhwalawo kudafunika kulimba mtima.

Zaka 27 za ntchito

M'chaka cha 1552, ali ndi zaka 34, adayamba kulemba buku latsopano la mankhwala onse odziwika. Adawerenga mabuku oposa 800, a using'anga, a mbiri yakale, a ulimi ngakhalenso a ndakatulo, kufunafuna paliponse pamene chomera kapena nyama yatchulidwa. Koma sadakhutire ndi zolembedwa. Adayenda m'mapiri ndi m'zigwa, pamodzi ndi mwana wake Li Jianyuan ndi wophunzira wake Pang Xian, kufunsa alimi, asodzi, alenje, otema nkhuni ndi ogwira njoka. Akuluakulu amati safunsa adadya phula, ndipo munthu uyu, ngakhale adali wophunzira kwambiri, sadachite manyazi kukhala pansi n'kuphunzitsidwa ndi anthu osadziwa kulemba dzina lawo.

Chitsanzo chimodzi chikukhudza nyama imene imapezekanso m'nkhalango za kuno ku Malawi, ndiyo ngaka. Mlembi wina wakale adalemba kuti ngaka imatsegula mamba ake kuti nyerere zilowemo, kenako n'kulowa m'madzi kuti nyererezo ziyandame, izo n'kuzidya. Li Shizhen adaiyang'anitsitsa nyamayi naona kuti imagwira nyerere ndi lilime lake lalitali, ndipo ataitumbula adapeza chifu chake chodzaza ndi nyerere. Adapitanso ndi ogwira njoka kukaona njoka yotchuka ya kwawo ku Qizhou, kuti athe kuisiyanitsa ndi njoka zina zimene amalonda ankagulitsa monamiza anthu.

Adalemba bukulo, nalikonzanso katatu, ndipo adalimaliza m'chaka cha 1578, ali ndi zaka 60. Adalitcha Bencao Gangmu. Lili ndi zigawo 52, ndipo limafotokoza mankhwala 1,892, mwa amenewa 374 adali asadalembedwepo m'mabuku a mankhwala am'mbuyomo. Mulinso njira 11,096 zosakanizira mankhwala ndi zithunzi zoposa 1,000. Adasanja zinthu zonse m'magulu akuluakulu 16, kuyambira madzi, moto, dothi ndi miyala, kudzera ku zitsamba, mbewu, ndiwo zamasamba, zipatso ndi mitengo, mpaka kufika ku tizilombo, nsomba, mbalame, nyama ndi munthu. Pa mankhwala alionse adayamba ndi maina ake, kenako kumene amapezeka ndi maonekedwe ake, zolakwa za olemba akale, kakonzedwe kake, kakomedwe ndi mphamvu yake, matenda amene amachiza, ndipo potsiriza maganizo ake a iye mwini. Mwa mbewu zatsopano zimene adalemba mudali chimanga, chimene pa nthawiyo chidali chachilendo ku China ndipo ankachilima ndi anthu ochepa.

Zimene adalemba za kamfa

Kamfa adamuika m'gulu la mitengo yonunkhira. M'chinenero cha ku China dzina lake ndi zhangnao, kuchokera ku dzina la mtengowo, zhang. Li Shizhen adalemba kuti kamfa ankachokera m'madera a Shaozhou ndi Zhangzhou, kummwera kwa dzikolo, ndiponso kuti adali woyera mbee.

Adafotokozanso mmene anthu ankamupangira. Ankatenga mtengo wauwisi n'kuwaza tizipanjo ting'onoting'ono, n'kutiviika m'madzi a pachitsime masiku atatu. Kenako ankawiritsa zonsezo mumphika akutakasa ndi kamtengo. Madzi akaphwera ndi theka, kamtengo kotakasirako kankayamba kugwira zoyera ngati mchere. Apo ankasefa, n'kuthira madziwo m'mbale yadothi, ndipo pofika m'mawa ankapeza kamfa ataundana. Pofuna kumuyeretsa ankamuika m'beseni, n'kuvundikira beseni lina pamwamba, n'kumata m'mbali ndi dothi, n'kusonkha moto wofatsa pansi. Kamfa ankauluka ngati nthunzi n'kukaundana pa beseni lapamwambalo. Mphunzitsi wa sayansi azindikira pamenepa khalidwe lija la zinthu zina zolimba zimene zimasanduka mpweya osayamba zasungunuka, ndipo ndi chifukwa chake kamfa akasiyidwa poyera amachepa pang'onopang'ono mpaka kutha.

Malinga ndi kaganizidwe ka asing'anga a ku China, mankhwala alionse ali ndi kakomedwe kake ndiponso mphamvu yotentha kapena yozizira. Kamfa adamuwerengera kuti ndi wowawa ngati tsabola ndiponso wotentha, motero ankamugwiritsa ntchito pa matenda amene ankati amadza ndi kuzizira ndi chinyontho. Li Shizhen adalemba kuti amathandiza pa mphere, zipere, kuyabwa kwa khungu, dzino lobooka, kupweteka kwa m'mimba ndi kutupa kwa miyendo. Adanenanso kuti utsi wake umathamangitsa nsikidzi ndi tizilombo todya zovala, kuti akaikidwa m'nsapato amachotsa fungo la mapazi, ndiponso kuti amayaka moto ngakhale ali pamwamba pa madzi, kotero kuti opanga zophulikaphulika za pa zikondwerero ankamufuna kwambiri.

Adachenjezanso za chinyengo cha pamsika. Padali mankhwala ena ofanana ndi kamfa otchedwa longnao, ochokera ku mtengo wina wa ku zilumba za Borneo ndi Sumatra, amene mtengo wake udali wokwera kwambiri. Amalonda osakhulupirika ankayeretsa kamfa wotchipa n'kumamugulitsa ngati longnao. Iye adalangiza asing'anga kuti aphunzire kusiyanitsa ziwirizi. Chenjezo lotere silidakalambe, pakuti mankhwala achinyengo akadali vuto m'misika ya maiko ambiri.

Pamene adaphonya

Ulemu woyenera munthu wokonda choonadi ndiwo kunenanso pamene adalakwa. M'buku lake kamfa adalembedwa kuti alibe poizoni. Madokotala a masiku ano adapeza kuti kamfa akamezedwa ndi woopsa, makamaka kwa ana aang'ono. Kachidutswa kochepa kakhoza kuchititsa mwana kusanza, kugwa ngati wakhunyu, kukomoka, ngakhale kufa kumene. Ndi chifukwa chake ku America, m'zaka za m'ma 1980, boma lidaletsa kugulitsa mafuta okhala ndi kamfa wochuluka, nililamula kuti mankhwala opaka asapyole magawo 11 pa 100 alionse. Kamfa ndi wopaka pakhungu lopanda bala. Sayenera kumwedwa, kuikidwa m'mphuno kapena kupakidwa pa chilonda, ndipo sayenera kupakidwa pa khanda losafika zaka ziwiri. Akapakidwa pachifuwa amapatsa munthu kumva ngati mphuno zatseguka, koma sapha tizilombo toyambitsa chimfine kapena chibayo. Mwana wopuma mobanika malo ake ndi kuchipatala.

Timibulu toyera toika m'masutukesi, timene anthu ambiri amatitcha kamfa, kawirikawiri timapangidwa ndi mankhwala ena otchedwa naphthalene, amenenso ndi poizoni ndipo amaononga magazi a ana ena. Popeza timaoneka ngati maswiti, tiyenera kusungidwa patali ndi ana. Ndiponso kamfa wambiri wa m'masitolo lero sachokera ku mtengo umene Li Shizhen adaufotokoza. Amapangidwa m'mafakitale kuchokera ku utomoni wa mitengo ya paini, yonga ija ya ku Chikangawa.

Za ngaka adaphonyanso. Ngakhale adakonza bodza la kadyedwe kake, adavomereza chikhulupiriro chakuti mamba ake ndi mankhwala, monga othandiza amayi kutulutsa mkaka. Mamba a ngaka amapangidwa ndi zinthu zomwe zija zimapanga zikhadabo za munthu. Chikhulupiriro chimenechi chapulula ngaka ku Asia ndi ku Africa, ndipo kuno ku Malawi anthu ambiri alowa m'ndende chifukwa chopezeka ndi nyama yotetezedwayi. M'chaka cha 2020 boma la China lidachotsa mamba a ngaka pamndandanda waukulu wa mankhwala ovomerezeka.

Buku losowa wosindikiza

Kumaliza kulemba sikudathetse mavuto ake. M'masiku amenewo tsamba lililonse la buku linkasemedwa pa thabwa lakelake, ndipo buku lake lidali ndi zilembo pafupifupi 1,900,000. Palibe wosindikiza amene adafuna kutaya chuma chake pa buku lalikulu chotero la munthu wopanda udindo m'boma. M'chaka cha 1580 adapita kwa mlembi wotchuka Wang Shizhen kukapempha mawu oyamba a bukulo, podziwa kuti dzina la munthuyo likadatsegula zitseko. Mawuwo adalembedwa m'chaka cha 1590, patatha zaka khumi. Pamenepo wosindikiza wina wa mumzinda wa Nanjing, Hu Chenglong, adavomera kuyamba ntchitoyo. Mutu umodzi susenza denga: ana ake ndi zidzukulu zake adathandiza kujambula zithunzi ndi kuwerenganso zolembazo.

Li Shizhen adamwalira m'chaka cha 1593, ali ndi zaka 75, bukulo lisadafike m'manja mwa owerenga. Lidatuluka m'chaka cha 1596. Mwana wake Li Jianyuan adakalipereka kwa mfumu Wanli, koma mfumuyo idangolamula kuti lisungidwe, osachitapo kanthu kena. Amene adalikweza ndi asing'anga ndi owerenga wamba. Lidasindikizidwanso ku Jiangxi m'chaka cha 1603, ndipo pofika 1607 lidali litafika ku Japan, kumene lidakhala maziko a maphunziro a zomera kwa zaka zoposa 200. Lidamasuliridwa lonse m'Chingerezi m'chaka cha 2003, ndipo m'chaka cha 2011 bungwe la UNESCO lidaliika pamndandanda wa zolembedwa zofunika kusungidwa ndi dziko lonse lapansi. Manda ake ali kwawo ku Qizhou, pafupi ndi nyanja yaing'ono ya Yuhu.

Fodya, amene ndi chuma cha Kasungu, mulibe m'buku lalikululi, pakuti adafala ku China mwini wake atamwalira kale. Amene adamulemba ndi sing'anga wina, Zhao Xuemin, m'buku la m'chaka cha 1765 limene cholinga chake chidali kuwonjezera zimene Li Shizhen adasiya ndi kukonza zimene adalakwitsa. Motero munthu amene adakonza zolakwa za akale nayenso adakonzedwa ndi am'tsogolo, monga momwe iye akadafunira.

Phindu la zolembedwa

Amalawi adalandirapo kale phindu la mwambo wolemba mankhwala umenewu. Chitsamba chotchedwa qinghao, chimene Li Shizhen adachilembanso ngati mankhwala a malungo, chidatchulidwa kale ndi sing'anga Ge Hong m'zaka za m'ma 300. Mayi Tu Youyou ndi anzawo atawerenga zolemba za Ge Hong adapeza njira yotulutsira mankhwala a artemisinin m'chitsambacho m'zaka za m'ma 1970, ndipo mayiwo adalandira mphotho ya Nobel m'chaka cha 2015. Mankhwala a malungo a LA, amene zipatala za m'Malawi zidayamba kupereka m'chaka cha 2007, adachokera kumeneko. Koma chitsambacho chidayenera kuyesedwa kaye, pakuti mwa zitsamba mazanamazana zimene mabuku akale adazitama, zambiri zidalephera poziyesa.

Dziko la Achewa nalo lili ndi nzeru zake za mitengo. Dzina lakuti Kamuzu, la mtsogoleri woyamba wa dziko lino amene adabadwira ku Kasungu nadzakhala dokotala, limakumbutsa kamuzu ka mankhwala. Agogo a ku Santhe, Chamama, Chulu ndi Nkhamenya amadziwa ntchito za muwawani, mvunguti, mlombwa ndi bwazi. Muzu wa bwazi uli ndi fungo lamphamvu longa la mankhwala otikitira, ndipo monga kamfa ndi woopsa ukamwedwa mopyola muyeso. Zina mwa nzeruzi zidalembedwa. Mayi Jessie Williamson adatulutsa buku la zomera zothandiza za dziko lino m'chaka cha 1955, nalikonzanso m'chaka cha 1975, ndipo ku Zomba kuli nyumba ya boma yosungira zitsanzo za zomera. Koma zambiri zikadali m'mitu mwa okalamba, ndipo maina a zomera amasiyana boma ndi boma, chisokonezo chomwe chija chidavutitsa sing'anga wa ku Qizhou.

Nthawi siili kumbali ya nzeru zimenezi. Mabalani owotchera fodya amadya nkhuni, zigafa zimafuna milimo chaka ndi chaka, ndipo malo ambiri kumene kudali nkhalango za mombo ndi msuku lero ndi minda. Mtengo ukatha m'dera, mwana wobadwa pambuyo pake sadziwa ngakhale dzina lake, ndipo nkhalamba ikamwalira imapita ndi zimene inkadziwa. Ntchito imene Li Shizhen adagwira sidafune chuma kapena udindo. Idafuna munthu wodziwa kulemba, wosanyada kufunsa, woona ndi maso ake, wolemba dzina la chomera, malo ake, kakonzedwe kake ndi kuopsa kwake, n'kusiyira akatswiri a m'chipatala ndi a sayansi kuti ayese ngati chimachizadi. Mphunzitsi wokhala ndi kope, ndi wachinyamata amene wabwerera kumudzi atamaliza sukulu, ali nazo zida zonse zimene mnyamata wa ku Qizhou adali nazo pa tsiku limene adabwerako ku Wuchang kachitatu.